Chikwangwani cha pa Mpanda wa a Spiteri

M'mawa uliwonse kunyumba kwa a Noelene ku Preston, mumzinda wa Melbourne, kunkacha ndi kuyetsemula. Woyetsemulayo anali amuna awo, a Ray, ndipo chowayetsemulitsacho chinkakhala chitagona pansi pa tebulo, chibwano chili pa phazi la mwini wake. Anali galu wokalamba, waimvi kukamwa, dzina lake Komuredi, monga amaitanirana andale omenyera ufulu wa antchito. Mwini galuyo anali a Graeme Hocking, mlongo wawo wa a Noelene, omwe adabwera mu Febuluwale ndi masutikesi awiri, makatoni khumi ndi anayi a mabuku, ndi lonjezo loti akhala masiku ochepa chabe. Nyumbayo inali yoti munthu akatsegula firiji kukhitchini, wa pabalaza ankayamba wapinda miyendo.

A Hocking adagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu mu laibulale ya ku Horsham, tauni ya alimi a tirigu ndi nkhosa, komwe pa chisankho chilichonse mavoti a chipani chomwe iwo ankachikonda ankatha kukwana m'chipewa. Sabata iliyonse ankalembera kalata nyuzipepala ya kumeneko: za othawa kwawo, za malasha, za madzi a mumtsinje, ndi za kufunika kwa timisewu ta njinga m'tauni momwe ngakhale wopita kukagula buledi ankakwera galimoto. Mkonzi ankasindikiza makalatawo chifukwa tsamba lachisanu ndi chimodzi silingatuluke loyera. Koma a Hocking ankakhulupirira kuti iwo ndiwo nyali yokhayo m'chigawo chonsecho, ndi kuti anthu awo enieni, omva zinthu, ali ku Melbourne, m'madera a Brunswick, Northcote ndi Fitzroy. Banja lawo litatha, ntchito n'kupezeka mu laibulale ya koleji ina mumzindamo, iwo sadaone ngati akusamuka. Adaona ngati akubwerera kwawo.

Kwawoko kudawalandira ndi mzere. Loweruka lililonse ankavala jekete, n'kukaima pakhomo la nyumba yalendi pamodzi ndi anthu ena makumi anayi, kudikira kuti mnyamata wa ku ofesi yobwereketsa nyumba atsegule kwa mphindi khumi ndi zisanu. Pamawindo a nyumba zoyandikana pankakhala zikwangwani zoti pokhala ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo a Hocking ankaziwerenga akugwedeza mutu mokhutira. Anthu a pamzerewo nawonso anali a maganizo olondola, zikwama zawo zolembedwa mawu omwewo amene iwo adawalalikira zaka zonsezi. Koma chitseko chikangotseguka, onse ankapondana zala pamasitepe. M'katimo munkapezeka chipinda chimodzi, nkhungu ili bii kudenga la bafa, mtengo wake madola mazana asanu ndi makumi awiri pa sabata. Pafomu panali kampata kofunsa ngati munthu ali ndi chiweto. Ena ankalembapo ayi, galu ali m'galimoto panja. A Hocking ankalemba ndime yathunthu yofotokoza khalidwe la Komuredi, kampatako n'kuchepa, n'kupitiriza kuseri kwa pepala. Foni yawo sidalire ngakhale kamodzi.

Sabata yachitatu, a Noelene adathira tiyi, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi mlongo wawoyo.

"Graeme, ndimakukonda, ndipo galuyu sindidana naye. Koma taona maso a mwamuna wangayu."

A Ray adatukula nkhope. Maso anali psuu, mphuno ngati tomato.

"Ine ndilibe vuto, alamu," adatero a Ray, n'kuyetsemula katatu motsatizana.

"Mwezi ukamatha, galu achoke muno," adapitiriza a Noelene. "Iwe ukhoza kugonabe pampandopo mpaka udzakalambe. Koma ukapanda kupeza nyumba yolola galu, ndiimbira Cheryl abwere adzamutenge."

Cheryl anali mkazi wawo wakale. Mwamuna wake watsopano, wogulitsa mathirakitala, anali atanena kale kuti galuyo amulandira ndi manja awiri, bola asinthidwe dzina akhale Rex. A Hocking adaika kapu pansi. Ukwati adautaya mosadandaula kwambiri, nyumba ya ku Horsham chimodzimodzi, koma Komuredi ndiye yekha amene adamvetsera makalata awo onse akuwerengedwa mokweza, osatulukamo m'chipinda.

Amene adapeza njira anali a Ray, pakuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mnzawo wina wa kuntchito anali ndi amalume ake ku Thomastown, a Carmelo Spiteri, bambo wamasiye amene anali ndi kanyumba kuseri kwa nyumba yawo, komwe adamangira apongozi awo kalekale.

"Thomastown?" adafunsa a Hocking, ngati munthu amene wapatsidwa nsapato ya mwendo umodzi. "Kumeneko kuli chiyani, alamu, kupatula mafakitale?"

"Kuli denga," adayankha a Noelene.

Adapita Lachiwiri madzulo, dzuwa likadali pamwamba. A Spiteri anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wazaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Adabwera kuchokera ku Malta ali kamwana, ndipo khutu limodzi adalisiya ku fakitale ya njerwa komwe adagwira ntchito moyo wawo wonse. Bwalo lakumaso linali la simenti yokhayokha, losesedwa mpaka kuwala. Kuseri ndiye kunali dziko lina: mizere ya tomato, nyemba zoyanga pawaya, khola la nkhuku zisanu ndi imodzi, ndi mtengo wa mandimu wolemedwa ndi zipatso. Kanyumbako kanali ndi chipinda chogona, pabalaza, kakhitchini ndi bafa, zonse zouma, zonunkha sopo. Khoma lina linali lalitali, lokwana bwinobwino makatoni khumi ndi anayi a mabuku.

Komuredi adazungulira bwalo kamodzi, n'kudzigwetsa pamthunzi wa mandimu ngati adabadwira pomwepo.

"Madola mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi pa sabata, magetsi ali momwemo," adatero a Spiteri mokuwa, monga amachitira anthu osamva bwino. "Mandimu thyolani, mazira tizigawana. Phokoso sindilimva, ndiye imbani nyimbo mmene mungafunire."

"Nanga galuyu?"

"Galu ndiye ndikumufuna kuposa inu, achimwene! Amphaka a kwa aneba andikumbira mbewu zonse." Adawerama n'kumukanda Komuredi kuseri kwa khutu. "Dzina lake ndani mkuluyu?"

"Komuredi," adayankha a Hocking, akuyang'anitsitsa nkhope ya mkuluyo kuti aone ngati dzinalo limupweteke.

"Labwino," adatero a Spiteri.

Zonse zikadathera pomwepo a Hocking akadapanda kusuzumira pawindo la kuchipinda chogona. Pampanda wamatabwa, moyang'anizana ndi windolo, padakhomedwa chikwangwani chachikulu cha pachisankho. Panali nkhope ya munthu wofuna uphungu, mano onse ali mbee, tayi ili pakhosi, ndipo pansi pake panali chizindikiro cha chipani chomwe a Hocking adalimbana nacho kwa zaka makumi awiri ndi zitatu pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Chidakhomedwa ndi misomali isanu ndi itatu, mwaluso, ngati chinthu chomwe mwini wake safuna kuti chidzachoke.

Sadafunse kanthu. Munthu amene wakhala akuyankha mafunso a dziko lonse sabata ndi sabata amaiwala kafunsidwe.

"Ndikaganize kaye," adatero.

"Ganizani mpaka Lachisanu, nthawi ya thwelofu masana," adatero a Spiteri, n'kuwagwira chanza chomwe chidawasiyira zala zikuwawa. "Ndikalonjeza ndimasunga. Ikangokwana thwelofu, ndi ka aliyense."

Usanakwane ndi usiku umodzi, mwayi wina udaonekera pafoni. M'nyumba ina yogawana ku Brunswick munali chipinda chotsala pang'ono kukhala chopanda munthu. Lendi yake inali yokwererapo ndi madola makumi asanu kuposa ya a Spiteri, bafa limodzi anthu asanu, koma chilengezocho chidalembedwa ngati a Hocking adachilemba okha. Ankafuna munthu wokonda chilungamo, wosamala chilengedwe, wolemekeza aliyense. Ziweto, adati, n'zololedwa onse akagwirizana. A Hocking adayankha ndi uthenga wa ndime zisanu ndi ziwiri, ndipo adaitanidwa kukadya nawo chakudya chamadzulo Lachinayi.

Aliyense amene adakhalapo m'nyumba zoterezi amadziwa kuti chakudya chimenechi ndiye mayeso. Amadziwanso kuti akatha kudya mlendo n'kupita, eni nyumba amadzakhala pansi tsiku lina, ndipo chigamulo sichiyendera unyinji wa manja ayi: mmodzi yekha akati toto, nkhani yathera pomwepo. Zimene mlendo amakhulupirira pa ndale safunsa kwambiri, pakuti aliyense wofika pakhomo pamenepo amakhulupirira zomwezo. Amayang'ana zina. A Hocking, amene adachoka m'manja mwa amayi awo kulowa m'manja mwa Cheryl, zimenezi sankazidziwa. Iwo adakonzekera ngati akupita kumtsutso.

Nyumbayo inali yakale, yopapatiza, njinga zisanu zitatsamira m'khonde lam'kati moti munthu ankadutsa chammbali. Pakhomo adalandiridwa ndi Saskia, mtsikana wamtali wophunzira zamalamulo, amene adagwada n'kukumbatira Komuredi asanapereke moni kwa mwini wake.

"Lowani, madala! Iiii, koma galu uyu ndiye ndi mfumu. Nsapato vulani, pepani, tinagwirizana choncho chaka chatha."

Kukhitchini, pachitseko cha firiji, panali gudumu lapepala lokhomedwa ndi kanthu pakati, lolembedwa maina a anthu m'mbali ndi ntchito zapakhomo m'kati. A Hocking adaliyamikira kwambiri, n'kunena kuti dziko lonse likadayenda chomwecho bwenzi zinthu zili bwino. Tsikulo gudumu lidaloza kuti wophika ndi Thuy, namwino wa pachipatala cha ana, amene anali atangoweruka kumene pambuyo pa maola khumi ndi awiri ali chiimire. Adaphika mphodza ndi mpunga, n'kukhala kumapeto kwa tebulo osalankhula zambiri. Panalinso anyamata awiri oimba m'gulu limodzi, ndi Freya, mwini chipinda chomwe chinkatsalacho, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Freya adati akuchoka chifukwa akufuna kusinthako mpweya, ngakhale anali asanapeze kolowera.

A Hocking adalankhula bwino madzulo amenewo, ndipo iwo eni adadzimva kuti akulankhula bwino. Adayamba ndi madzi a mumtsinje, n'kudzera ku malasha, n'kufika pa nkhani yomwe ankaidziwa koposa: ntchito zapakhomo zomwe amayi amagwira osalipidwa, osayamikidwa, osaonedwa n'komwe. Anali ndi ziwerengero pamutu. Anali atalembapo makalata asanu ndi anayi.

Ali m'kati mofotokoza, anthu adatha kudya. Mmodzimmodzi ankanyamuka, kupita kusinki, kutsuka mbale yake ndi supuni yake, n'kubwerera kudzamvetsera. Thuy adanyamuka pomalizira. Pamene ankadutsa kumbuyo kwawo, a Hocking adatukula mbale yawo n'kumupatsira chammbuyo, osacheuka, osadula chiganizo. Thuy adaima pang'ono, n'kuilandira. Madzi akuthira kusinki, iwo adakumbukira kapu, n'kuitambasulanso m'mwamba, dzanja lili lende mpaka wina adabwera kudzaichotsa.

"Ndipo choopsa kwambiri," ankatero panthawiyo, "n'chakuti mwamuna sazindikira n'komwe kuti zikuchitika."

"Zoona, ankolo," adayankha Thuy ali kusinki.

Kenaka, pofuna kuwaseketsa anzawo atsopanowo, adasimba za ulendo wa ku Thomastown. Adaufotokoza mwaluso: bwalo la simenti, mkulu wogontha, nkhuku, mandimu, kanyumba kouma kokhala ndi bafa lakelake, magetsi momwemo, mtengo wake wochepa modabwitsa. Adasunga chikwangwani kumapeto monga amachitira wodziwa kusimba, ndipo atafikapo adatambasula manja.

"Tangoganizani kudzuka m'mawa uliwonse nkhope imeneyo ikukusekererani! Pali zinthu zina zomwe munthu sangagulitse chifukwa cha lendi yotsika."

Anyamata aja adaseka. Saskia adaomba m'manja. Freya yekha ndiye adafunsa funso.

"Mwati bafa lakelake, ankolo?"

"Lakelake."

"Popanda misonkhano?"

"Misonkhano ya chiyani? Mkuluyo ngakhale kumva samva."

"Msewu wake ndi uti?"

A Hocking adaganiza kuti mtsikanayo akufuna kudziwa malo oti azipewa. Adamuuza dzina la msewu, nambala ya nyumba, ndi zoti mkuluyo akudikira mpaka mawa lake thwelofu koloko.

Powaperekeza pakhomo, Saskia adakumbatiranso galu.

"Kwa ine zatheka kale, madala. Tikumana Lamulungu, koma ndi mwambo chabe."

Atafika ku Preston adapeza a Noelene akusita yunifolomu ya amuna awo.

"Zatheka, achemwali. Ndapeza anthu anga."

"Wasaina?"

"Anthu ngati amenewa sayendera mapepala. Timamvana."

"Makiyi akupatsa?"

"Akumana Lamulungu. Ndi mwambo chabe."

A Noelene adaimika simbi. "Graeme, tamvera. Mawa m'mawa upite kwa mkulu uja ukamuuze kuti inde. Nkhope ya pampandayo ukaikolekere thaulo. Za Lamulunguzo zikadzatheka, udzapepese, udzasamuke. Koma usataye chomwe chili m'manja chifukwa cha chomwe chili m'kamwa mwa mwana wa sukulu."

"Inu simungamvetse. Iyi ndi nkhani ya chikumbumtima."

"Chikumbumtima chako chili ndi mpanda woti galu azithamangamo?"

A Ray adafuna kunenapo kanthu, koma kuyetsemula kudawatsogolera.

Lachisanu, itatsala pang'ono kukwana thwelofu, a Hocking adatuluka mu laibulale n'kuimba foni ku Thomastown. Akadatha kungokhala chete nthawi n'kudutsa yokha, koma ankaona kuti mkuluyo ayenera kumva zifukwa. Anali atazilemba pakapepala, mfundo zinayi.

"Bambo Spiteri, ndalingalira mozama za kusiyana kwa kaonedwe kathu ka dziko..."

"Mwati chiyani? Kwezani mawu!"

"Ndikuti kaonedwe kathu ka dziko!"

"Achimwene, ndili ndi madzi akuthira m'tomato. Mukukafuna kanyumbako kapena ayi?"

"Chikumbumtima changa sichingandilole kuti..."

"Ndiye kuti ayi. Chabwino. Mupereke moni kwa galu."

Mfundo zitatu zidatsala papepala osawerengedwa.

Yankho la ku Brunswick lidafika Lolemba m'mawa. Unali uthenga wautali, waulemu, wofewa ngati thonje. Udathokoza a Hocking chifukwa cha nzeru zawo, udati nyumba yonse idaphunzirapo zambiri, ndipo udapitiriza choncho mpaka mzere wachisanu ndi chinayi, pomwe padalembedwa kuti mmodzi mwa iwo sadamve mtendere mumtima. A Hocking adauwerenga katatu kufunafuna pomwe akuuzidwa tsiku lolowa. Kenaka adaimbira Saskia.

"Pepani kwambiri, madala. Tinakhala maola atatu. Atatu tinati inde."

"Ndiye wakanayo ndani? Ndinalakwitsa mfundo iti? Ngati ndi za malasha zija, nditha kufotokozanso."

"Ayi, mfundo zonse munakhoza." Saskia adatsitsa mawu. "Ndi Thuy. Akuti odwala owapatsira ndi kuwalandira mbale ali nawo okwanira kuntchito."

"Mbale yanji?"

"Ndi zomwe ananenanso iyeyo, kuti mufunsa choncho. Koma mumve izi, madala, mwina zikusangalatsani: Komuredi yekha tonse tinamuvomera."

Mwezi unali utatsala ndi masiku anayi. Madzulo a tsiku lomwelo a Hocking adakweza galu m'galimoto ya a Ray n'kulunjika ku Thomastown. M'njira monse ankakonza mawu oti akabwerere nawo popanda kuoneka ngati abwerera. Adaganiza zokanena kuti demokalase imafuna kuti anthu osiyana maganizo azikhalirana pafupi, ndi kuti iwo, atalingaliranso, ali okonzeka kupereka chitsanzo.

Pakhoma la kanyumba kaja padatsamira njinga yachikasu. Pawindo panali makatani atsopano, ndipo amene ankawakoleka, ataimirira pampando, anali Freya.

"Ankolo!" adakuwa mokondwa. "Zikomo kwambiri, mwandithandiza zedi. Ndinafika Lachisanu m'ma leveni, koma agogowa anandikhazika pakhonde mpaka thwelofu, akuti analonjeza munthu. Foni yanu itangolira, basi."

A Spiteri adatulukira m'mizere ya tomato, atanyamula ndowa. Komuredi anali atafika kale pansi pa mandimu.

"Mwabwera kudzatenga mandimu, achimwene? Thyolani."

Mawu onse okonzedwa m'galimoto aja adauluka. A Hocking adangoloza kumpanda, komwe nkhope ija inali kusekererabe, n'kufunsa funso lomwe likadafunsidwa Lachiwiri lapitalo.

"Munthu ameneyu... mumamukonda?"

"Ndani? Uyu?" A Spiteri adacheuka n'kuyang'ana chikwangwanicho ngati akuchiona koyamba. "Dzina lake sindilidziwa n'komwe. Pamenepo pali chibowo, matabwa anawola. Nkhandwe inkalowera pomwepo, inandidyera nkhuku zitatu. Zikwangwanizi ndimatola chisankho chikatha, anthu amangozitaya. N'zolimba, sizilowa madzi. Ndi chinthu chokhacho chomwe andale anandipatsapo chaulere."

"Nanga bwanji nkhope inaloza m'kati muno?"

"Mbalame zimaiopa. Chiikireni, palibe yajompha tomato."

Adawakoka dzanja n'kupita nawo kuseri kwa khola. Denga lonse la nkhuku linali la zikwangwani, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zosanjikizana ngati malata. Chapakati penipeni, chitadetsedwa ndi zitosi za nkhunda, chinali cha chipani cha a Hocking.

"Ichi ndiye chabwino koposa," adatero a Spiteri akuchimenya ndi chikhatho. "Chisankho chachitatu tsopano, osadontha."

A Hocking adayang'ana denga, adayang'ana makatani, adayang'ana galu wawo. Adafotokoza mwachidule, mopanda mfundo, za maso a a Ray, za kutha kwa mwezi, za Cheryl ndi wogulitsa mathirakitala, ndi za dzina loti Rex.

A Spiteri adamvetsera atapendeketsa khutu labwino lija.

"Rex?" adatero. "Ayi, zimenezo ndi zachipongwe. Galu wamkulu ngati uyu sasinthidwa dzina." Adaika ndowa pansi. "Tamverani. Kanyumba kapita, ndinagwirana chanza ndi mtsikanayu. Koma amene anakana ndi inu. Galuyu sanakane. Ine ndinamuvomera Lachiwiri, ndipo mawu anga sindibweza. Mumusiye. Muzibwera Lamulungu kudzamuona."

"Ine ndizimuyendetsa m'mawa," adatero Freya ali pawindo. "Sitifunikanso kuchita msonkhano."

Umo ndi mmene zidathera. Patapita milungu iwiri a Hocking adapeza chipinda ku Melton, pamwamba pa shopu yogulitsa matayala, mtengo wake woposa wa a Spiteri ndi wa ku Brunswick womwe. Mwini wake adasankha iwo pakati pa anthu khumi ndi awiri chifukwa pakampata ka ziweto adalembapo liwu limodzi lokha. Kupita kuntchito ndi sitima ziwiri, ola limodzi ndi theka, ndipo pawindo lawo saonapo nkhope ya wandale aliyense, koma khoma la njerwa basi. A Ray maso adayera.

Lamulungu lililonse amakwera sitima ziwirizo kupita ku Thomastown. Komuredi amawalandira pageti mwaulemu, monga mwini nyumba alandirira mlendo wodziwika, n'kuwatsogolera kuseri. Wanenepa. Malo ake okonda kugona ndi m'munsi mwa mpanda, pansi penipeni pa nkhope yosekerera ija, chifukwa masana pamakhala mthunzi. A Spiteri amafulula khofi wowawa, a Hocking n'kuwawerengera mokweza kalata yatsopano yopita ku nyuzipepala, yonena za vuto la nyumba mumzindamo ndi amene ayenera kudzudzulidwa. Mndandanda wa odzudzulidwawo ndi wautali, ndipo mulibe mbale, mulibe chikwangwani. A Spiteri amatchera khutu logontha lija n'kumavomera ndi mutu. Koma Freya akuti khofi akatha, a Hocking amanyamuka okha n'kukatsuka makapu onse atatu, mwakachetechete, ngati munthu amene akubweza chinthu chomwe adatola mosadziwa.

Dzuwa likapendeka amathyola mandimu awiri, n'kutsanzikana ndi galu wawo pageti la nyumba yomwe idali yawo kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu masana. Akuluakulu adaona kale zoterezi pomwe adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.